Mwala Umene Unaboola Denga ku Alexandra

Chipinda chimene ndinkakhala ku Alexandra chinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu amene tonse tinkangowatchula kuti amastandi. Zipinda zinalipo zisanu ndi chimodzi, zofolera malata, zogundana nthiti, ndipo mpopi unali umodzi pakati pa yadi. Amalawi tinalimo awiri, ine ndi atelala a ku Mangochi amene khomo lawo linayandikana ndi langa. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zoposa makumi awiri, Msilamu wosalumpha swala, wolankhula motsitsa ngati pali mwana wagona pafupi. Anabwera ku Joni ine ndikanali wamng'ono ndipo anali asanapondeko kumudzi. Sindinawafunsepo chifukwa chake. Funso limenelo ku Joni sitinkafunsana.

Ine ndinali nditasiya za mumgodi chifuwa chitayamba kundivuta. Kapitawo wina wachifundo anandilozera ntchito pasukulu ina ya ukachenjede m'tauni, m'chipinda chapansi mochekera miyala. Poyamba ndinkangokolopa matope, kenako anandiphunzitsa kucheka ndi sowo yoyendera madzi ndi kupala tizidutswa mpaka kuwala kudutse. Miyala ndinkaidziwa ndi manja, mayina ake achizungu ayi. Chitupa changa chinkanena kuti ndinabadwira kumudzi wina wa ku Transvaal umene sindinauonepo, choncho ndinkayenda mosamala ndi kulankhula pang'ono.

Zinachitika chapakati pa zaka za m'ma 1980, nthawi imene asilikali ankazungulira m'misewu yathu ndi zigalimoto zawo zachitsulo zimene anthu ankazitcha mahipo. Linali Lamulungu, m'nyengo yozizira, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe. Dzuwa litangopendeka ine ndinali pampopi kuchapa ovolosi. Atelala anatuluka ndi ketulo kudzatunga madzi osamba asanaswali. Mkeka wawo woswalirapo anali atayala kale m'chipinda. Tsiku limenelo mpopi unkangodontha, ndipo mayi wina wa chipinda chakumapeto anali atatchera kale ndowa yake. Atelala anati sangadumphe mayi, adikira.

Tili chiimire tinamva kugunda kutali, kawiri, kenako kachitatu motsitsa, ngati bingu. Koma nyengo imeneyo ku Joni kulibe bingu. Agalu a m'mayadi oyandikana amene ankauwa tsiku lonse anangoti zii. Aliyense anaganiza za asilikali, amayi n'kuyamba kuitana ana. Panapita kanthawi, ndowa ija n'kufika pakati. Kenako pamwamba pathu panadutsa chinthu cholira ngati lamba wa makina akamasuka, ndipo malata anati phwaa!

Amastandi anakuwa ali pakhomo pawo kuti, “Lalani phansi!” Tonse tinadzigwetsa pansi, ine nkhope m'thovu la sopo. Tinadikira chachiwiri. Sichinabwere. Chimene ndinkamva ndi madzi okha akudonthera m'ndowa.

Atelala ndiwo anayamba kudzuka. Anatsegula chitseko chawo n'kuima pakhomo osalowa. Nditasuzumira paphewa pawo ndinaona mzati wa dzuwa utaima pakati pa chipinda, fumbi likuzungulira m'menemo. Padenga panali bowo loti chibakera n'kulowa, milomo ya lata itapindikira mkati. Mkeka unali utang'ambika chakumutu, penipeni pamene munthu amagunditsa chipumi, ndipo simenti ya pansi pake inali itasweka. Mwalawo unali utadumphira kunsi kwa makina osokera.

Ndinakwawa n'kukautenga ndi nsanza poganiza kuti ukutentha. Sunkatentha. Unali wozizira kuposa simenti imene unagonapo. Kukula kwake ngati papaya wosakhwima, wakuda ngati kunsi kwa mphika, wosalala, ndi timaenje ngati wina anaudinda ndi chala ukanali wofewa. Unkanunkha ngati machesi ongozima kumene. Unkalemera kuposa mmene maso ankanenera.

Yadi inadzaza. Wina anati ndi chitini cha utsi wokhetsa misozi, wina anati chagwa m'ndege, wina anati anyamata a m'misewu aponya. Atelala anatenga maginito amene ankatolera mapini n'kuwayandikiza, ndipo maginitowo anakakamira pamwalapo mofooka. Anthu anabwerera m'mbuyo. Amastandi anayang'ana ife awiri n'kunena kuti Amanyasa, kutanthauza ife Amalawi, amadziwika ndi mankhwala, ndipo chinthu chimenecho sakufuna kuchionanso payadi pawo. Atelala anakatunga madzi awo, anasamba, anayala thumba la ufa pambali pa mkeka wong'ambikawo n'kuswali anthu akuonerera pakhomo.

M'mawa mwake ndinawapempha. “Abambo, ndibwerekeni mwalawu tsiku limodzi. Kuntchito kwathu kuli anthu odziwa miyala.”

Anaukulunga m'kansalu kotsala pa thalauza la munthu. “Ukabwere nawo wathunthu, mphwanga.”

Ndinavomera. Koma nthawi ya nkhomaliro, anzanga atakwera pamwamba kukadya, ndinauika pasowo. Sindingapereke chifukwa chomveka. Ndinali nditacheka miyala yambirimbiri ya anthu ena, ndipo uwu wokha ndi umene ndinkafuna kuona mkati mwake. Unagawika pawiri. Mkatimo munali motuwa ngati phulusa, tizitsulo tikunyezimira paliponse, ndiponso timibulu tozungulira ngati njere za mapira. Zaka zonse za mumgodi ndi za m'chipinda chimenecho ndinali ndisanaonepo mwala wotero.

Sindinamve kuti munthu walowa chifukwa cha phokoso la sowo. Anali adokotala a miyala, mzimayi wachizungu wa imvi amene tizidutswa tambiri ndinkapalira iwo. Ankavala nsapato zachimuna ndipo sankakonda nkhani. Anatenga theka limodzi, analitembenuza, analinunkhiza.

“Wautenga kuti?” anandifunsa m'Chingerezi.

Ndinati ndautola kudzala.

“Mwala wogona kudzala sukhala chonchi. Uwu sunaonepo mvula. Ndipo apa pali chizindikiro cha lata.” Anandiyang'ana. “Wagwa liti?”

“Dzulo.”

Anakhala pabokosi la miyala.

Ananditengera ku ofesi yawo, kumene ndinali ndisanakhalepo pampando. Anandiuza kuti mwalawo si wa dziko lino. Anati kumwamba, kupitirira mwezi, kuli miyala yosawerengeka imene imazungulira dzuwa monga dziko lathu limachitira, ina ngati mchenga, ina ngati nyumba, ina ngati phiri. Yambiri ili kutali, koma ilipo ina imene njira zake zimadutsana ndi njira yathu. Wa atelala unali kachibenthu chabe, ndipo unali wakale kuposa mwala uliwonse umene ndinaugwirapo pansi pa nthaka.

Anatulutsa chithunzi chimene anzawo a kunja anawatumizira. Chinali chakuda, chodzaza ndi timadontho toyera. Anandipatsa galasi lokuzira n'kundilozera pakona. Pakati pa madonthowo panali kamzere kakafupi ngati kachidutswa ka ulusi kogwera pansalu.

“Nyenyezi zimaima,” anatero. “Ichi chinkayenda pamene ankajambula. Chikayenda msanga ndiye kuti chili pafupi.”

Ndinafunsa kukula kwake. Anati mwina ngati Alexandra yense.

Kenako anandiuza chimene iwo ankafufuza. Tizidutswa timene ndinkawapalira, tokhala ndi mitsempha yakuda, tinkachokera kumapiri ena kutsidya kwa mtsinje wa Vaal. Iwo ankakhulupirira kuti kalekale, kusanakhale chamoyo choyenda, pamenepo panagwa mwala waukulu umene unasungunula thanthwe n'kupinda nthaka yonse ya chigawo chino, ndi golide yemwe amene tinkamutsatira mumgodi. Anati akatswiri anzawo ena ankawatsutsa. Ankalankhula modekha, akusuntha kapu ya tiyi patebulo.

“Ndiye wina ngati umenewo ukamabwera, mudzatani?” ndinafunsa.

Anati ukaoneka zaka zambiri usanafike, mwina anthu angatumize chombo chokaukankha pang'ono, pang'ono zedi, kuti pofika kuno ukhale utaphonya. Ena ankanena za mabomba. Koma zonsezo zinali papepala. Choyamba n'kuuona, ndipo anthu ofufuza miyala imeneyi padziko lonse anali ochepa kwambiri, ambiri a iwo kumpoto. Kuno kummwera pafupifupi panalibe woyang'ana.

Mumgodi, gulu lisanalowe pamalo ophulitsidwa, pankatsogola munthu ndi mgwala, chitsulo chachitali, kugogoda denga. Likalira ngati ng'oma yong'ambika ankakuwa kuti pasopa, kutanthauza kuti chenjerani, tonse n'kubwerera. Ndinawauza adokotala zimenezi. Anati inde, ntchito yake ndi yomweyo, koma mgwala wake palibe amene waugula.

Ankafuna kubwera ku Alexandra kudzaona bowolo, kuliyeza, ndi kufunsa amene anamva kugunda. Ndinati ndikafunsa eni ake.

Madzulo ndinapereka kansalu kaja kwa atelala, theka lina la mwala litatsala kwa adokotala. Anakamasula, anaona theka limodzi lokha, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana pochekapo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

“Ndinati wathunthu,” anatero basi.

Za mlendo anakaniratu. Masiku amenewo galimoto ya mzungu ikaima pakhomo pako, mawa lake unkatchedwa kazitape, ndipo tonse tinkadziwa mathero a akazitape. Komanso chitupa chawo chinali ngati changa. Adokotala atamva anakhumudwa, koma anamvetsa. Anandibwereka kampasi n'kundiphunzitsa chochita: ndimange ulusi pabowo, ndiukokere pamene simenti inasweka, ndione kumene wapendekera.

Tinachita Loweruka. Atelala anapereka ulusi wawo woyera, ine ndinakwera pampando. Ulusiwo unangotsala pang'ono kuima chilili, koma unapendeka ndithu. Ndinaika kampasi pansi, singano inanjenjemera n'kukhazikika. Mbali imene mwala unachokera inali kumpoto, chakummawa pang'ono.

Atelala anagwada n'kutsatira ulusiwo ndi diso mpaka pabowo, pamene kumwamba kunkaoneka ngati kandalama ka buluu.

“Kumeneko ndi kumene ndimayang'ana poswali,” anatero. Kenako anawonjezera kuti, “Ndi kwathunso.”

Lolemba adokotala anandiuza kuti ulusiwo sukunena zambiri. Mwala waung'ono ukafika pafupi ndi nthaka liwiro lake limakhala litatha, umangogwa, ndipo mphepo ya m'mwamba ndi imene imaupendeketsa. Ndinathamangira kukawauza atelala poganiza kuti ndiwapepuza mtima. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Nanga mphepoyo anaituma ndani?”

Tsiku limenelo anandiuza zimene sindinafunse. Anasiya mkazi ali woyembekezera. Zaka ziwiri zoyamba ankalemba makalata, koma yankho silinawapezepo. Kenako anagwidwa chifukwa cha chitupa, anakhala m'ndende, anakagwiritsidwa ntchito kumafamu, ndipo atatuluka analibe ngakhale bulangete. Anachita manyazi kulemba. Anati adikira zinthu zikhale bwino. Zitakhala bwino, zaka zinali zitachuluka moti sanadziwe mawu oyambira kalata. Sankadziwa ngati mwanayo anali wamwamuna kapena wamkazi.

“Sindikunena kuti andilodza ayi,” anatero. “Wofuna kundipha akanadikira ndigwade. Ameneyu wangogogoda.”

Bowolo sanalitseke. Amastandi anawapatsa chidutswa cha lata ndi phula, koma zinangokhala kuseri kwa chitseko. Masabata otsatira payadi panali pachilendo. Ana anasiya kusewerera mbali imeneyo. Amayi popita kumpopi ankazungulira kutali ndi khomo lawo. Makasitomala ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Ine kuchipinda kwanga ndinkamva makina akulira, kenako n'kuima pakati pa msoko, zii, nthawi yaitali. Tsiku lina ndinasuzumira. Anali atakhala, mapazi pachopondera, mutu atapendeketsa ngati munthu womvetsera wina akuitana kutali.

Nanenso chinandilowa. Mumgodi pali kumva kwina kumene kumabwera paliwombo, ngati tsitsi likudziwa kulemera kwa thanthwe lili pamwamba. Ndinkaganiza kuti ndinakusiya pansi pomwepo. Tsopano kunkandipeza pamsewu, masana, ndikudikira basi, kumwamba kuli koyera. Ndinkapezeka ndaweramitsa mutu popanda chifukwa. Ndinayamba kuvala chipewa ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopusa.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, atelala anamasula mutu wa makina awo n'kuukulunga m'bulangete. Tebulo lake anapatsa mayi wa ndowa uja. Anapeza dalaivala wa lole wa kwathu amene anavomera kuwatenga. Theka lawo la mwala analiika m'thumba la jekete. Ndinawafunsa za theka linalo, limene linali likadali kwa adokotala.

“Limenelo ndi lako. Unadula ndiwe.”

Ndinawanyamulira makina mpaka pamsewu waukulu. Potsanzikana anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri n'kundiuza kuti ndilembe kalata kwathu sabata yomweyo. Ndinalemba.

Theka langa ndinawasiyira adokotala, koma ndinawapempha kuti asalembe kumene linagwa kapena dzina la munthu. Anati mwala wopanda malo ndi tsiku uli ngati mboni yopanda pakamwa, anzawo sangaulandire m'mabuku awo. Anandichonderera kawiri. Kenako analemba kapepala ka nambala yokha n'kuutsekera m'dirowa.

Kalata ya atelala inafika patapita miyezi isanu, yolembedwa ndi pensulo. Anafika bwino. Mkazi wawo anali moyo, anakwatiwanso kalekale ndipo anali ndi zidzukulu. Mwana uja anali wamkazi, mayi wa ana atatu. Atafika pakhomo pake, mwanayo anawapatsa madzi akumwa n'kukakhala patali, osawachotsa maso. Pambuyo pake anamva chifukwa. Zaka zambiri m'mbuyomo munthu wina wobwerera ku Joni anauza mudzi wonse kuti iwo anafa, mwala unawagwera. Anthu analira maliro, anachita sadaka, nkhani n'kutha. Atelala sanagwirepo ntchito mumgodi ngakhale tsiku limodzi, ndipo munthu amene ananena zimenezo anali atamwalira, panalibe womufunsa. Analemba kuti akusoka pakhonde la sitolo ina, ndipo ana a sukulu amabwera kudzaima patali kuti aone munthu amene anafa. Kalata ina sinabwerenso, ngakhale ndinayankha kawiri.

Chipinda chawo analowamo mnyamata woyendetsa takisi amene nkhaniyi sankaidziwa. Anakhoma lata pabowo tsiku loyamba lomwelo.

Chaka cha 1989, chakumapeto kwa mvula, adokotala anatsikira kuchipinda chochekera ndi nyuzi m'manja. Anandiuza kuti ndizimitse sowo. Panali kankhani kakafupi mkati mwa nyuziyo, pafupi ndi zotsatsa malonda. Mwala waukulu, woti ukanagwera pamzinda sipakanatsala mzinda, unali utadutsa pafupi ndi dziko masabata angapo m'mbuyomo. Unadutsa malo amene dziko linali litangochokapo maola ochepa. Palibe anauona ukubwera. Anauzindikira pazithunzi utapita kale.

Ndinafunsa ngati udzabwerenso. Anati njira yake imadutsana ndi yathu, choncho udzadutsanso, koma tsopano poti auona atha kuuwerengera. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi ina imene sinajambulidwepo. Anapinda nyuziyo n'kundipatsa, ndipo anakwera masitepe pang'onopang'ono atagwira chitsulo cha m'mbali.

Ndinayesa kukumbukira chimene ndinkachita tsiku limenelo, koma linali tsiku ngati ena onse. Mwina ndinkapala miyala, mwina ndinkakangana ndi amastandi za mpopi.

Poweruka ndinakwera basi ya ku Alexandra. Inali yodzaza, anthu atanyamula mapepala a buledi ndi nyama, ena akuimba nyimbo ya tchalitchi kumbuyo. Ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachisutu wovala yunifolomu ya ulonda. Sindinkamudziwa, koma nkhaniyo inkandilemera, choncho ndinamuonetsa nyuzi n'kumufotokozera m'Chizulu changa chothyokathyoka. Anamvetsera bwinobwino, n'kuyang'ana kachithunzi kamene kanali pamenepo.

“Wadutsa?” anafunsa.

Ndinati wadutsa.

“Ndiye vuto lili pati?”

Anandibwezera nyuzi, anatsamira pawindo, ndipo tisanafike pamlatho anali atagona.